Esnart ndi Chigoba cha Apongozi Ake

Tamverani kuno inu a ku Dedza amene munabwera kudzaika mwana wanu, ndi inu adzukulu anga amene Chinkhonde chinakuthawani m'tauni. Ndikulira Esnart, mkazi wa mwana wanga Ambokile, mayi wake wa Yunike. Kwathu kuno timati mkamwana. Chichewa changa ndi chotola ku sukulu ya kwacha ndi pa mjigo, ndiye pamene ndapunthwa mungodumpha. Pamaliro paja mchemwali wake anandikokera pambali n'kundifunsa kuti, bwanji amayi achikulire a kuno akumutchula malemu kuti Nyau, chonsecho anali munthu wa mvano? Ine ndinangoyang'ana pansi. Pakamwa panakanika, ndiye ndati ndiyese papepala.

Mwamuna wanga, a Manase, anali fundi wowotcherera zitsulo. Ntchitoyo anaiphunzira ku Mbeya ali mnyamata. Chaka chija boma linabweza aphunzitsi a kumpoto kuti aliyense azikaphunzitsa kwawo, ife tinali ku Chilumba, kumene kampani ina inkamanga mathanki aakulu a mafuta pafupi ndi doko. Anatipatsa nyumba mu laini ya antchito. Zipinda ziwiri, khoma lake loti mnansi akatsokomola umayesa ndi mwamuna wako.

Ambokile anali mphunzitsi ku Dedza. Anangotsika lole tsiku lina ndi matilesi, mkazi ndi khanda. Sukulu anali asanamupatse, malipiro ake anali atasokera m'maofesi. Kumudzi ku Iponga nako madzi anali atakokolola mpunga. Ndiye tonsefe, ndi a kumudzi omwe, tinkadya kuchokera m'dzanja limodzi la a Manase. Ntchito imeneyo ikanatha, nyumba nayo ikanapita, tikanagona panja ndi khandalo.

Tsono inu a ku Dedza mumvetse. Kwathu mkamwana saonana ndi apongozi ake aamuna. Sawayang'ana, iwonso samuyang'ana. Dzina lawo salitchula. Akakumana panjira, iye amapatukira kutchire n'kudzifunda nsalu mpaka adutse. Si udani ayi, ndi ulemu. Kumudzi n'zosavuta chifukwa mabwalo ndi otalikirana. Koma m'zipinda ziwiri?

A Manase akamaweruka ankaima pa mtengo wa mango n'kutsokomola, kuti mtsikanayo athawire ku kakhitchini kathu ka malata kuseri. Ndipo ankathawadi. Tsiku lina anathawa atanyamula sefa ya ufa, mphepo n'kumuyeretsa mutu wonse ngati namwali. Anayesetsa Esnart. Anali mwana wa eni, kwawo apongozi amawapatsa moni n'kuwaikira madzi osamba, koma sanadandaule. Anangondifunsa kamodzi, ine ndikutsuka mbale.

"Amayi, kwenikweni choletsedwa n'chiyani? Ndiuzeni bwino ndisadzalakwe."

Ndinali wotopa. Ndinati, "Nkhope, mwanawe. Yako asaione, yawo usaione. Basi."

"Basi?"

"Basi."

Kuntchito kuja, msoko wa chitsulo kale ankauyesa mwa njira yawo. Akawotcherera, mbali ina ankapaka laimu, mbali inayo palafini. Palafini akatulukira ku laimu, ndiye kuti pali kabowo, bwerezanso. Misoko ya a Manase sinkatulutsa palafini. Sinali yokongola kwenikweni, inali yokhuthala ngati chipsera, koma inkagwira.

Kenaka mzungu wa kampaniyo anabwera ndi makina. Ndinawaona ndi maso anga kudzera pa waya, tsiku lina nditapititsa chakudya. Kanali kabokosi ka mawilo, kokakamira pachitsulo ngati nkhupakupa, kokoka chingwe kumbuyo. Kutsogolo kankalavula kuwala kofiira, kowonda ngati ulusi. Kankakwawa pang'onopang'ono pamwamba pa msoko, kuwalako kukunyambita paliponse. Pakakhala potupa, pokumbika kapena popotoka, bokosi lina limene mzungu ankayang'anamo linkalira. Likalira, kapitawo amalemba mtanda ndi choko pomwepo.

A Manase anali ndi mnzawo wa ku Mulanje dzina lake Lyson, wowotcherera nayenso, munthu wa pakamwa posatseka. Iyeyo ndi amene anakapatsa dzina kabokosiko. Anayamba wacheuka uku ndi uku, n'kunong'ona kuti, "Amenewa ndi a yufi, a fundi. Msoko uliwonse akuufunsa khadi la chipani." Anthu anaseka chogwira pakamwa. Koma kuseka kunatha pamene kapitawo analengeza kuti Loweruka m'mawa wowotcherera aliyense adzalumikiza zitsulo ziwiri mzungu akuona, ndipo amene msoko wake kuwala kofiira kudzaukane, adzatenga katundu wake.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti maso a a Manase anali atayamba kutha. Chigoba chimene owotcherera amavala kumaso chili ndi kagalasi kakuda bii, koti sungaone kanthu mpaka moto utayaka. Iwo ngakhale moto uyake ankangoona mbuu. Ankawotcherera ndi khutu, kumvera kulira kwa moto, dzanja n'kumatsata lokha. Palafini ankakhutira nazo. Koma kuwala kofiira kunkafuna msoko wosalala, wofanana kuyambira uku mpaka uko ngati wa telala. Ndiye Lachisanu lonse anakhalira kuyeserera pa zidutswa, akumakweza chigoba pang'ono n'kumasuzumira motowo ndi maso osaphimba, kuti aone pamene dzanja likupotoka. Munthu amene ankakalipira anyamata tsiku ndi tsiku kuti moto uwu sayang'ana.

Loweruka kutacha, maso sanatseguke. Anali atatupa, ofiira ngati nyama, misozi ikungotsika. Ankati muli mchenga wotentha. Ndinawatulutsira kuseri kwa nyumba pa mkeka, n'kuwaika kansalu konyowa. Ambokile kunalibe, anali atapita ku Karonga Boma kukafunsa za sukulu. Esnart anali m'kakhitchini ndi mwana, chitseko chotseka.

Lyson anabwera kudzawatenga monga mwa masiku onse. Anachotsa kansaluko, n'kuimba kamluzu.

"Madala, mwadya moto. Inu amene mumatiphunzitsa?"

"Usandinyoze, Lyson. Ndigwire dzanja tizipita."

"Mupita kukawotcherera chiyani, phazi la mzungu?" Ananditembenukira. "Alamu, kuchipatala mzere wake ndi mpaka masana, mayeso ndi chitsulo choitanira antchito chikalira kachiwiri. Mankhwala ake ndi amodzi, aliyense wa ntchito yathu amawadziwa. Mkaka wa m'mawere."

"Ndikapemphe m'kapu?"

"Wa m'kapu umafika utafa. Ufunika wofunda, wochokera pomwepo kulowa m'diso."

Ndinati, "Pakhomo pano palibe woyamwitsa."

Nthawi yomweyo Yunike analira m'kakhitchini. Lyson anayang'ana chitseko, n'kundiyang'ana ine.

"Ndati palibe," ndinatero. "Dikirani, ndikubwera."

Kumapeto kwa laini kunali Hilda, mkazi wa dalaivala, amene anali ndi mwana wa miyezi yochepa. Ndinathamangira kumeneko ndi ukalamba wangawu. Ndinamupeza akusamba. Atatuluka anati mwamuna wake kulibe, sangakavule pamaso pa bambo wina popanda chilolezo. Ndinagwada. Ine mayi wamkulu, kugwadira mwana wobadwa dzulo. Chitsulo choyamba chinalira ndili pa maondo. Anansi anatuluka kudzamva chimene chagwa, ndipo mmodzi wa iwo, Bertha, mayi wa mawu ngati wailesi, ndi amene anamukakamiza. "Pita iwe, ife tikuperekeza tikakhale mboni kwa amuna ako." Ndiye ndinabwerera ndi Hilda, ndi Bertha, ndi amayi ena angapo, ana akutsata pambuyo. Mtima wanga unali utatsika. Ndinkati Kyala, Mulungu wathu, wandimva.

Titakhota pa ngodya ya nyumba, ndinaima.

A Manase anali atagona chagada pa mkeka, mutu pa bondo la Lyson. Lyson anali atawatsegula zikope ndi zala. Ndipo pambali pawo panagwada munthu wovala chigoba cha a Manase, chakuda chija, chophimba mutu wonse wa kutsogolo. Bulauzi atatsitsa mpaka m'chiuno. Mwana ali kumbuyo. Bere lili m'dzanja, akufinya.

Poti m'chigobamo sankaona kanthu, mkaka unkangopita paliponse. Unali pamasaya pa mwamuna wanga, pa ndevu, wina ukutsikira m'khutu. Lyson ndiye anali woongolera.

"Kumanzere pang'ono, mayi. Ayi, apo mwathirira mphuno. Bwererani. Eya, pomwepo, pomwepo."

Ndipo a Manase, maso ali m'mwamba osaona, ankangothokoza m'Chinkhonde kuti, "Ndagha, mama. Ndagha, a Hilda. Mulungu akudalitseni." Lyson anali atawanamiza kuti Hilda wafika.

Tonse tinangoti kakasi. Ndinkamva mkaka ukudontha pa mkeka. Kenaka Hilda, ali pambali panga, anati, "Ine ndili pano, bambo."

Bertha ndiye anaphulika. Anaseka mpaka anagwira khoma. "Amayi inu, bwerani mudzaone. Nyau ya ku Dedza ikuyamwitsa apongozi."

Chigoba chija chinatembenukira kumene kunkachokera phokoso. Mawu anatuluka m'katimo, ang'onoang'ono, ngati ochokera m'chitini.

"Amayi, muli pomwepo? Nkhope sinaoneke, amayi. Inenso sindinawaone, muno muli mdima. Chitsulo chinalira, ndiye ndinati mwina muchedwa."

Mawu amenewo a Manase ankangowamvera kuseri kwa khoma, koma anawadziwa. Ndinaona thupi lawo lonse likuuma. Anachotsa zala za Lyson pamaso pawo, pang'onopang'ono, n'kudzuka kukhala tsonga, atafulatira. Sanapukute nkhope. Ndikhulupirira ankaopa kuukhudza mkakawo ndi dzanja.

Inu a ku Dedza mwina mukuti, nanga pamenepa chachikulu n'chiyani, si anathandiza munthu wodwala? Sindingathe kukufotokozerani bwino. Kwathu ngakhale chithunzithunzi cha mkamwana sichiyenera kugwera pa apongozi. Tsono bere. Bere limene mwana wawo amaliona, mkaka wa mdzukulu wawo, uli m'ndevu zawo, ana a mu laini akuonerera. Mpaka lero ndikamalemba izi khutu langa likutentha. Ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Ndinavula chitenje changa chapamwamba n'kumuponyera Esnart pachifuwa.

Chitsulo chachiwiri chinali pafupi. A Manase anatambasula dzanja cham'mbali osacheuka.

"Lyson. Chigoba changa."

Koma Esnart sakanachivula pamaso pawo. Anadzuka, n'kumapapasa ndi manja ngati wakhungu kufuna kakhitchini. Anagunda mtondo, anagunda chitseko ndi mutu, chigoba n'kulira kuti gu, ana n'kuseka. Atalowa, dzanja lokha linatuluka litagwira chigobacho. Ndinachilandira ine. Chinali chofunda, chonyowa m'kati. Sindikudziwa ngati linali thukuta kapena misozi.

A Manase anachivala pomwepo. Anthu amachivala akafika pantchito, iwo anachivalira pakhomo. Anayenda laini yonse atagwira phewa la Lyson, nkhope ili m'chigoba, anthu ataima m'makomo mwawo.

Ndinawatsata chapatali, ndinakaima pa waya. Sindikanatha kukhala pakhomo ndi amayi aja. Owotcherera anali pamzere, aliyense ndi zitsulo zake ziwiri. Nthawi ya a Manase itakwana, ndinaona akukweza chigoba, akuphethira, akupukuta misozi ndi mkono. Maso anali atatseguka pang'ono, ngati a mwana wa galu. Anagwada, anatsitsa chigoba, moto unayaka. Ine ndinayang'ana kumbali, ndinkangomva kulira kwake.

Atamaliza anagogoda makoko a pamsoko, mzungu n'kuika kabokosi kake. Kuwala kofiira kunayamba kukwawa. Kwa anthu awiri amene anayamba, bokosi linali litalira, ndipo anali atakhala pansi pa mthunzi manja ali m'mutu. Ndinagwira waya mpaka unandicheka. Kanakwawa, kanakwawa, pakati kanakhala ngati kaima, n'kupitirira. Kanafika kumapeto. Sikanalire.

Kapitawo anati, "Manase, wakhoza. Lolemba ubwere."

Ndinayamba kupuma. Koma nkhani inali itafika kale kuntchitoko, inadutsa pa waya ife tisanafike. Mmodzi mwa amene anachotsedwa aja anaika chala chachikulu m'kamwa n'kuyamba kuyamwa mokweza, mwa, mwa, mwa. Wina anati, "Ifenso akanatiyamwitsa tikanakhoza." Bwalo lonse linaseka, ndi kapitawo yemwe. Mzungu anafunsa chimene chikuseketsa, wina n'kumumasulira. Mwamuna wanga, munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, anatsitsanso chigoba kumaso ngakhale panalibe choti awotcherere.

Madzulo ake ndinkayesa anena kuti tizipita kumudzi. Anakhala pa mkeka nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ufa watsala wochuluka bwanji?" Ndinawauza. Anati, "Lolemba undidzutse."

Ndipo anapitadi, Lolemba limenelo ndi ena onse mpaka mathanki anatha. Dzina lawo kuntchito linasanduka Khanda. Pa nthawi ya tiyi anyamata ankawafunsa ngati akufuna wothira mkaka. Lyson anamenyana ndi munthu chifukwa cha zimenezo, koma a Manase sanamuyankhulenso Lyson ngati kale. Ku tchalitchi anasiya kukhala kutsogolo. Ine ndinkapita ku mjigo dzuwa lili pamutu, nthawi imene kulibe anthu. Esnart sankatuluka n'komwe. Ana ankabwera kuseri kwa kakhitchini atavala makatoni kumaso, akuvina.

Ambokile atabwera sanamumenye mkazi wake. Mwina kumenya kukanakhala bwino. Anangokhala chete, kudya atayang'ana kukhoma. Kenaka akuluakulu a ku Iponga anafika, akulu awo a a Manase ali patsogolo. Anakambirana m'Chinkhonde, Esnart ali m'kakhitchini osamva kanthu, nkhani ili yake. Anagamula kuti iye ndi apongozi ake asadzagonenso bwalo limodzi mpaka imfa. Apite ku Iponga akakhale ndi mng'ono wanga, kudikira kuti mwamuna wake apatsidwe sukulu. Anadya nkhuku yathu akuluakuluwo, ananyamulanso ufa ndi sopo zogulidwa ndi ntchito yomweyo, n'kumapita.

Usiku woti mawa anyamuka usanafike, a Manase anabwera ndi mbaula yatsopano, yowotcherera okha ndi zidutswa za kuntchito. Anaiika pakhomo n'kunena kuti, "Ukampatse mayi wa mwanayo. Ukanene kuti yachokera kwa Lyson." Ndinakanena momwemo. Esnart anayendetsa chala pa msoko wake, wokhuthala ngati chipsera.

Ndinamuperekeza ku msewu waukulu kukadikira basi. Tinakhala pa mwala, mbaula ili pakati pathu, Yunike akuyamwa. Basi inachedwa. Tinadikira mpaka mthunzi unasuntha. Ndiye Esnart anati:

"Amayi, dzana ndinapita ndi mwana ku sikelo."

"Walemera?"

"Walemera. Koma anamwino aja, a Violet, anali atamva. Anandiitanira m'kachipinda. Sanandiseke ayi. Anati maso a moto wa owotcherera amapola okha. Akuti munthu akangogona mumdima tsiku limodzi kapena awiri, basi. Akuti mkaka suchita kanthu, umangoziziritsa."

Ndinati, "Anamwino sadziwa zonse."

"Koma inu mukuona bwanji? Akanakhoza ndithu popanda ine?"

Anandiyang'ana m'maso. Mwana wa eni, atawonda, milomo itauma. Ndinkadziwa yankho limene ankalifuna. Koma inenso funso lomwelo linali litandidya masiku onsewo, ndipo ndinali ndisanazolowere kumunamiza.

Ndinati, "Sindikudziwa, mwanawe. Chimene ndinaona n'chakuti anachoka pakhomo osaona, anakafika uko akuona pang'ono."

"Pang'ono," anatero.

"Pang'ono pomwepo ndi pamene tikudya."

Anagwedeza mutu. Kenaka anaseka pang'ono, koyamba chichitikireni zija. "Koma m'chigoba muja mumanunkha, amayi. Fodya yekhayekha."

Basi inabwera. Ndinamukwezera mbaula. Ku Iponga anakapeza dzina lake la Nyau litafika kale, ndipo silinamuchokenso, ngakhale Ambokile atapatsidwa sukulu, ngakhale atabereka ana ena, ngakhale ataphunzira Chinkhonde kuposa adzukulu angawa. Ankayankha akamuitana choncho. A Manase atamwalira, iye anaphika kuseri masiku onse a maliro, kumanda anaima kutali kumsewu atafunda nsalu. Awiriwo sanauzanepo mawu ngakhale amodzi.

Ine ndatsala ndekha mwa akuluakulu amene anali kuseri kwa nyumba ija. Lyson anapita, Hilda anapita, Bertha anapita. Ndinkayesa manyazi amakalamba ngati munthu, koma ayi, anga akadali ndi mano. N'chifukwa chake ndinalephera kuyankha pamaliro.

Tsono ndikupempheni. Inu a ku Dedza, mukakafika kwanu mukanene kuti mwana wanu sanali wopanda mwambo, anasunga mwambo umene anauzidwa. Iwe Yunike, mkaka umenewo unali wako, unagawana ndi agogo ako, uziwauza ana ako. Ine maso ayamba kuchita mbuu, sindilembanso zambiri. Mukamakumana pa Khirisimasi kapena pa maliro ena, wina azimutchula Esnart, dzina lake lenileni, kuti lisathe ndi ine.